Funsani wa Magetsi: Nyali yakutsogolo ikufiira, pulagi yasungunuka

FUNSO

Bambo wa magetsi, ndili ndi Land Rover Series III ya 1974 yomwe anandisiyira malemu bambo anga. Injini ilibe vuto, koma nyali yakutsogolo ya kumanzere yandisowetsa mtendere. Imawala mofiira, ndikagunda bampu imazima, kenako n'kuyakanso yokha. Nthawi zina ndimachita kutsika n'kumenya madigadi ndi chikhatho kuti iyake. Nyali zomata, zija zosasinthika babu, zomwe inabwera nazo tinazichotsa kalekale n'kuikamo za mababu a H4, aja a halogen okhala ndi dimu ndi fulu m'babu limodzi. Babu ndasintha kawiri koma palibe chasintha. Nditasuzumira kumbuyo kwa nyali ndinapeza pulagi ya mano atatu ija yada, mbali imodzi yasungunuka. Chinanso, ndikaika pa dimu kagetsi kabuluu ka pa dashibodi kamayaka pang'ono. Mnzanga akuti ndigule mababu a mawati 100 kuti ndiziona bwino usiku. Ndimumvere?

Mwini Land Rover

YANKHO

Achimwene, ndiyambire kumapeto kwa kalata yanu: mnzanuyo musamumvere. Babu la H4 la masiku onse ndi la mawati 60 pa fulu ndi 55 pa dimu, ndipo pa galimoto ya mavoliti 12 limakoka maampeya pafupifupi 5. La mawati 100 limakoka opitirira 8. Pulagi yomwe yalephera kale kupirira 5 mukaisenzetsa 8, chotsatira chake ndi utsi pansi pa boneti. Dziwaninso kuti galimoto zambiri za ku Britain za zaka zimenezo zinkatuluka m'fakitale nyali zakutsogolo zilibe fyuzi n'komwe. Pakachitika shoti palibe choduka, waya amangopsa mpaka komwe wachokera.

Mababu awiri munagulawo analibe mlandu. Vuto lanu lili pamene zitsulo zimakumana.

Magetsi akamadutsa pamalo pomwe zitsulo ziwiri zagwirana zolimba komanso zili zoyera, sipatentha. Pakakhala dzimbiri kapena pogwedera, amadutsa movutikira, ndipo mphamvu imene ikanakawala m'babu imasanduka kutentha pomwepo. Masamu ake ndi ochepa. Kuvutikira kumeneku timakutcha kutsekereza ndipo timakuyeza mu ohm: kutsekereza kwa 0.2 ohm kokha, pa maampeya 5, kumadya voliti imodzi ndi kutulutsa mawati 5 a kutentha. Mawati 5 ndi kababu ka paking'i kathunthu. Kagwireni kababu kameneko katayaka kwa mphindi zingapo mumve, ndiye muganize kutentha konseko kutaunjikana pa kachitsulo kamodzi mkati mwa pulasitiki. Choipa kwambiri n'chakuti vutoli limadzikulitsa lokha. Kachitsulo ka m'pulagi kanapangidwa kuti kazipana dzino la babu. Kakatentha kamafooka n'kusiya kupana, kakasiya kupana kutsekereza kumawonjezeka, kutentha nakonso n'kukwera. Pulasitiki ikamafika posungunuka ndiye kuti zakhala zikuchitika kwa miyezi.

Kufiira kuja n'chimodzimodzi. Babu la halogen silichedwa kusonyeza kuti magetsi achepa. Mavoliti akatsika ndi 10 pa 100 alionse, kuwala kumatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. N'chifukwa chake ndimakana anthu akamati nyali za galimoto zakale n'zofooka mwachibadwa. Babu la H4 lakhalapo kuyambira 1971, ndipo likalandira mavoliti 13.2 omwe amaliyesera limawala ndithu. Zambiri mwa nyali zofiira zomwe mumakumana nazo pamsewu zikulandira mavoliti 11 kapena kucheperapo, enawo akutayika m'njira.

Tsono kagetsi kabuluu kaja mwachita bwino kukatchula, chifukwa kakuloza penipeni pamene pali vuto. M'babu la H4 muli timawaya tiwiri toyaka, ka dimu ndi ka fulu, ndipo tonse timabwezera magetsi kudzera pa dzino limodzi la ethi, njira yobwerera ku negativi ya batire. Dzino limenelo likapanda kugwira, magetsi a dimu amasowa kotulukira. Amabwerera chambuyo kudzera m'kawaya ka fulu, n'kulowa m'waya wa fulu, n'kukapeza ethi ku nyali ya kumanja. Kagetsi ka pa dashibodi kali pa waya yemweyo, ndiye kamayaka pang'ono. Mukayang'anitsitsa usiku muona kuti timawaya tonse tiwiri ta m'babu la kumanzere tikunyeka mofooka nthawi imodzi. Ndikukhulupirira kuti dzino lomwe lasungunuka pa pulagi yanu ndi la waya wakuda.

Komabe musadule kanthu musanayeze. Pezani mita ya magetsi, muiike pa mavoliti a DC. Lizani injini, yatsani nyali, pulagi ikhale ili pa babu. Nsonga yofiira ya mita ikani pa positivi ya batire, yakuda mugunditse pa dzino la dimu kumbuyo kwa babu. Nambala yomwe muione ndi mavoliti amene akutayika pakati pa batire ndi babu, ndipo isapitirire theka la voliti. Chitani chimodzimodzi pa fulu. Kenako yezani mbali ya ethi: nsonga yofiira pa dzino la ethi la babu, yakuda pa negativi ya batire. Apa ndimafuna kuona 0.2 kapena kucheperapo. Mukapeza nambala yaikulu, yendani ndi nsonga ija chobwerera, polumikizira pamodzi pamodzi, mpaka pomwe nambala itsike mwadzidzidzi. Polumikizira pomwe mwangodumphapo ndi pamene pakudya magetsi anu.

Anthu ambiri amazimitsa zonse n'kuyeza ndi mbali ya ohm kapena ija imalira ikapeza njira. Kuyeza kumeneko kumanamiza. Waya amene watsala ndi kaulusi kamodzi ka mkuwa amaliza mita bwinobwino, koma sangadutse maampeya 5. Vuto la mtundu uwu limaonekera nyali zili chiyakire basi.

Mukapeza malo ake, zimitsani injini, chotsani waya wa negativi pa batire, ndiye muyambe ntchito.

Pulagi yosungunukayo itayeni. Musayese kuipala kapena kupinda tizitsulo take kuti tipanenso, chitsulo chomwe chapsa sichibwereranso mphamvu. Gulani ina ya H4. Ngati ilipo ya seramiki tengani imeneyo chifukwa siisungunuka, koma musayang'ane thupi lake lokha. Onani mawaya omwe yabwera nawo. Zambiri zotsika mtengo zimakhala ndi chikopa chonenepa koma mkuwa wa mkati ndi wochepa kwambiri. Muiyesenso pa babu musanaimange: izilowa molimba, mochita kukankha. Mano a H4 ndi a mamilimita 8 m'lifupi, choncho mataminolo wamba a 6.3 aja sakwana, musawakakamize. Musanadule mawaya akale lembani kapena jambulani pomwe aliyense akulowa. Dzino la pakati ndi la dimu. Awiri a m'mbali ndi amene anthu amasinthanitsa.

Mitundu ya mawaya ikuthandizani. Pa galimoto za ku Britain za mawaya a kampani ya Lucas, wabuluu wa mzere wofiira ndi wa dimu, wabuluu wa mzere woyera ndi wa fulu, wakuda ndi ethi. Wabuluu wopanda mzere amachoka pa swichi ya nyali kupita pa swichi yosinthira dimu ndi fulu. Wabulawuni muchenjere naye, amakhala ndi moto nthawi zonse ndipo alibe fyuzi. Ngati mitundu yafwifwa ndi zaka, sendani pang'ono tepi ya mtolo wa mawaya, mkati mumakhala mukuonekabe bwino.

Apa ndi pamene ambiri amafulumira n'kuwononga ntchito yonse. Mukasenda waya wakale, yang'anani mkuwa wake. Ukakhala wakuda kapena wobiriwira, ndiye kuti chinyezi chinalowa pansi pa chikopa n'kuyenda nawo. Mkuwa wotere mtovu womatira mawaya sugwira, ndipo ngakhale muufinye bwanji m'taminolo, kutsekereza kumakhalapobe. Dulani, sendaninso, dulaninso, mpaka mupeze mkuwa wonyezimira. Chikopa chikakhala kuti chauma moti chikuthetheka mukapinda, dulani mpaka pofewa. Nthawi zina mumapezeka mwabwerera theka la mita. Musadandaule, ikanipo waya watsopano wonenepa mofanana kapena kuposerapo, ndipo ngati n'kotheka wa mtundu womwewo, kuti wodzagwira galimotoyi pambuyo panu asadzasokonezeke.

Polumikiza, chonde musapotokole mawaya ndi zala n'kukulunga tepi. Kumbuyo kwa nyali kumafika madzi, matope ndi kutentha. Tepi imamatuka, mkuwa umada, vuto n'kubwerera pamalo atsopano. Ine ndimakonda kufinya. Pezani pulayala yeniyeni yofinyira mataminolo, osati wamba yomwe imangophwatalitsa chitsulo. Mukafinya kokani waya mwamphamvu. Akasololoka, bola wasololokera m'manja mwanu kusiyana ndi pamsewu usiku. Pamwamba pake vekani kachubu ka heat shrink, makamaka kaja kali ndi guluu mkati, kamatseka madzi. Kumata ndi mtovu sikoipa, koma mtovu ukachuluka umakwera m'tiulusi ta waya n'kumuumitsa, ndipo pomwe kuuma kwathera ndi pomwe amadzathyoka ndi kugwedezeka. Land Rover imagwedezeka kwambiri. Mukasankha mtovu, ukhale wochepa, ndipo mangirirani wayayo kuti asamalendewere.

Musaime pa pulagi yokha. Mukatsatira mawayawo mupeza tizitsulo tooneka ngati zipolopolo, mabuleti a Lucas a mamilimita 4.7, tolowa m'timachubu ta labala wakuda. Mkati mwa kachubu kalikonse muli kachitsulo kopana, ndipo pa galimoto ya zaka 50 tambiri tinang'ambika kale ngakhale kunja kukuoneka bwino. Zulani buleti imodzi imodzi, ipaleni ndi sandipepala wosalala mpaka iwale, timachubuto musinthe tonse. Buleti ikalowa bwino imamveka kuti thapu. Pakani girisi wa silikoni pang'ono kuti chinyezi chisalowenso.

Ethi ndiisiyire ndime yakeyake chifukwa galimoto yanu ili ndi khalidwe lake. Bodi ya Land Rover ndi ya aluminiyamu pomwe chasisi ndi chachitsulo. Pamene sikuluwu yachitsulo yagwira aluminiyamu, pakalowa madzi, pamatuluka fumbi loyera lomwe silidutsa magetsi. Ngati waya wakuda wa nyali wamangidwa pa madigadi, n'zosadabwitsa kuti mukamenya pamenepo nyali imayaka. Musadalire aluminiyamu ameneyo. Kokani waya watsopano wakuda kuchoka pa pulagi iliyonse kukafika pa chasisi, pamalo opala mpaka chitsulo chiyere, kapena kukafika pa negativi ya batire penipeni. Mangani ndi bawuti ndi washala wa mano, pamwamba pake mupake girisi. Onaninso lamba wa ethi wochoka pa batire.

Mukachita zonsezi nyali iyaka. Koma ngati muyezo wa mbali ya positivi ukupitirirabe theka la voliti, otsalawo akutayikira m'maswichi, ndipo apa ndikulangizani zomwe ndimalangiza mwini galimoto yakale aliyense: ikani ma relay awiri, timaswichi todzutsidwa ndi magetsi ochepa kuti tidutsitse magetsi ambiri. Mmene galimotoyi inapangidwira, maampeya 10 a nyali zonse ziwiri amachoka ku batire, kukwera ku dashibodi, kudutsa m'swichi ya nyali, kudutsanso m'swichi ya dimu, kenako n'kubwerera kutsogolo. Ulendo wonsewo ndi wa mawaya ndi tizitsulo tokalamba. Relay imafupikitsa njira, ndipo mano ake amadziwika ndi manambala. Nambala 30 ilandire waya wochoka ku batire kudzera pa fyuzi ya maampeya 15 yoikidwa pafupi ndi batirelo. Nambala 87 ipite ku mababu. Nambala 86 ilandire waya wakale uja wabuluu wa mzere wofiira, 85 ipite ku ethi. Relay yachiwiri ndi chimodzimodzi, koma ndi waya wa mzere woyera. Gwiritsani waya wa 2 mm², amene amanyamula maampeya 17 mosavuta. Swichi yakale imatsala ndi ntchito yongodzutsa relay, yomwe siifuna ngakhale theka la ampeya, ndipo ikhala zaka zambiri. Relay iliyonse ikhale ndi fyuzi yakeyake kuti ya dimu ikaduka mutsale ndi fulu.

Ndikudziwa kuti galimoto ya bambo anu simungafune kuisintha maonekedwe, ndipo ndikugwirizana nanu. Ma relay amabisika bwino kuseri kwa nyali, ndipo mukalumikiza ndi mabuleti simudula waya wakale ngakhale mmodzi. Tsiku lomwe mudzafune kubwezera zonse mwakale, mudzangozula.

Pobwezera babu musagwire galasi lake ndi zala, mafuta a m'manja amalifupikitsa moyo. Mukatha imikani galimoto pamalo athyathyathya mamita 10 kuchoka pa khoma. Mzere wa pamwamba wa kuwala kwa dimu ukhale masentimita 10 mpaka 15 kunsi kwa msinkhu wa pakati pa nyali. Nyali yomwe yayamba kulandira mavoliti okwanira ikaloza m'mwamba imathobwa anzanu m'maso.

FUNSO

Ndine mayi wokonda galimoto zakale, ndili ndi Volkswagen Beetle ya 1965 ya mavoliti 6. Nyali zake zimawala ngati kandulo. Pulagi sizinasungunuke. Amene anandiyang'anira akuti palibe mankhwala ena koma kuisintha yonse ikhale ya mavoliti 12. Anatinso waya wabulawuni wa pa nyali ndi wa moto, ndisamukhudze. Kodi n'zoona?

Mwini Beetle

YANKHO

Mayi, zonse ziwiri si zoona, ndipo chachiwiricho n'choopsa. Waya wabulawuni ndi wa moto pa galimoto za ku Britain. Pa za ku Germany wabulawuni ndi ethi. Munthu wosokoneza ziwirizi akhoza kulumikiza batire ku bodi mwachindunji. Pa Beetle yanu woyera ndi wa fulu, wachikasu ndi wa dimu, wabulawuni ndi ethi. Pa mapu a mawaya ake muona manambala 56a pa fulu, 56b pa dimu ndi 31 pa ethi.

Za mavoliti 6, amene anakuuzaniyo ali ndi mfundo pang'ono, koma wathamangira kutali. Babu la mawati 45 pa mavoliti 6 limakoka maampeya 7.5, kuwirikiza kawiri zomwe likanakoka pa 12. Choncho polumikizira paliponse pa dzimbiri pamadya mavoliti owirikiza, pomwe oyambira ndi ochepa kale. Theka la voliti lomwe galimoto ya 12 ingapirire, pa yanu ndi gawo lalikulu la kuwala. Galimoto ya mavoliti 6 simakhululuka dzimbiri. Koma zitsulo zake zikayera imawala mokwanira, monga inkachitira ili yatsopano.

Yambirani pa batire, pansi pa mpando wakumbuyo. Masulani lamba wa ethi, palani pomwe amagwira bodi. Pali lamba wina pansi pa galimoto, wochoka pa giyabokosi kupita ku chasisi, yemwe anthu amamuiwala. Kenako pitani pa bokosi la mafyuzi. Mafyuzi a Beetle ndi aja ansonga mbali zonse ziwiri, opanidwa ndi timasipuling'i, ndipo amagwira ndi kansonga kokha. Nyali iliyonse ili ndi fyuzi yake ya dimu ndi yake ya fulu. Chotsani imodzi imodzi, palani nsonga ndi tizitsulo topana, mutipinde pang'ono kuti tipane zolimba. Ichi chokha chimabweza kuwala kooneka ndi maso. Mukatero yezani kutayika kwa mavoliti monga ndafotokozera pamwambapa, koma inu mulimbikire kuti pa nyali pasatayike kupitirira 0.3. Ngati maswichi akudyabe, ma relay a mavoliti 6 alipo, ndipo amalumikizidwa chimodzimodzi. A 12 sadzuka pa galimoto yanu.

Yang'ananinso mbale yonyezimira ya mkati mwa nyali. Ikachita chifunga kapena dzimbiri, ngakhale mawaya akhale abwino bwanji kuwala sikupita patali, ndipo yofunika kusintha ndi mbaleyo. Kusintha galimoto yonse kukhala ya 12 kumafuna jenereta ina, mababu onse, koyilo, mota ya mawaipa ndi zina zambiri. Chitani zimenezo ngati muli ndi zifukwa zina, osati chifukwa cha nyali zokha.

FUNSO

Bambo, ndinagula mtolo wa mawaya wa ma relay wopangiratu, wongolumikiza pa pulagi ya H4, n'kuuika pa Toyota Hilux yanga ya m'zaka za m'ma 1980. Dimu ndi fulu zasokonekera, mbali ina siyaka n'komwe. Ndikauchotsa zonse zimabwerera mwakale. Kodi anandigulitsa wakufa?

Mwini Hilux

YANKHO

Mtolowo mwina ulibe vuto, kungoti sunapangidwire galimoto yanu. Galimoto zambiri zimatumiza moto ku dzino la dimu kapena la fulu, dzino lachitatu n'kukhala ethi. Ma Toyota ambiri a zaka zimenezo amachita mosemphana: dzino lachitatu lija ndi lomwe limalandira moto, ndipo swichi imasankha kawaya koti kapatsidwe ethi. Babu la halogen silisamala kuti magetsi alowera kuti, n'chifukwa chake simunadziwepo. Koma mtolo umene umayembekezera moto pa dzino la dimu ndi la fulu, n'kutenga ethi yake pa bodi, umasokonezeka.

Kutsimikiza n'kosavuta. Zulani pulagi pa mababu onse awiri, yatsani nyali, ikani nsonga yakuda ya mita pa negativi ya batire. Ngati dzino limodzi lomwelo likuonetsa mavoliti 12 pa dimu ndi pa fulu pomwe, galimoto yanu ndi yosintha ethi. Zikatero pezani mtolo wolembedwa kuti ndi wa galimoto zotere, kapena sinthani polumikiza pa ma relay: nambala 86 ya onse awiri ilandire waya wa moto uja, ndipo 85 ya iliyonse ipite ku waya wake wakale, wina wa dimu wina wa fulu, osati ku bodi. Mababu enieniwo alandire moto kuchoka pa 87 ndi ethi yatsopano ya pa bodi. Pa ma Toyota ena kagetsi kabuluu ka fulu kamasiya kuyaka mukatero, chifukwa kankapeza njira yake kudzera m'kawaya ka dimu ka m'babu. Zikakuchitikirani, kakokereni waya wake kuchoka pa 87 ya relay ya fulu, mbali inayo ipite ku ethi.